Nsatsimanga za Kumanda

Mutu 6

1. A Tcheya

Pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Katuli panali mnyamata wa Fomu 3, dzina lake Uladi. Nzeru anali nazo, zimenezo tisamunamizire. Koma matama ndiwo anachuluka kuposa nzeruzo. Chimusankhireni kukhala tcheyamani wa kalabu ya zachilengedwe, anasiya kuyankha akaitanidwa dzina lake. Ati ngakhale anzake omwe ankadya nawo mango aawisi ndi mchere azimutchula kuti “a Tcheya”.

Kalabuyo anaiyambitsa ndi a Simioni, mphunzitsi wa sayansi, munthu wa ku Ntcheu amene anali asanathe chaka m’deralo. Iwo ndiwo anabweretsa nkhani ya nsatsimanga, kamtengo ka utomoni kaja kamene mbuzi sizidya. Njere zake zikafinyidwa zimatuluka mafuta, ndipo mafutawo akasefedwa bwino amayatsa nyale ngakhalenso kuyendetsa injini ya chigayo.

“Mvetsani bwino,” ankatero a Simioni. “Dizilo amachokera pansi pa nthaka. Tikamuwotcha timatulutsa mpweya umene unakwiririka kalekale, n’kuuwonjezera kumwamba. Mpweya umenewo ndi umene ukutenthetsa dziko, mvula n’kumabwera mosokonekera chonchi. Koma mtengo ukamakula umameza mpweya womwewo. Ndiye tikawotcha mafuta a njere zake, tikungobweza zimene mtengowo unameza. Nkhani yonse yagona pa kubzala ndi kuthirira. Mtengo ukapanda kukula, zonsezi ndi nkhambakamwa chabe.”

Uladi analoweza mawu onsewa, kusiyako omalizawo.

Mu Okutobala membala aliyense anapatsidwa mbande khumi kuti azisamala. Nadia, mlembi wa kalabuyo, ankafika m’mawa ndi ndowa kukatunga madzi pa mjigo. Nanga a Tcheya? Iwo ankaima pamthunzi, manja m’matumba, akufotokozera ana a Fomu 1 za kusintha kwa nyengo. Mbande zawo zinauma asanazithire ngakhale kapu imodzi ya madzi. Ena ataona kuti wamkulu sakugwira ndowa, nawonso anazisiya.

Pofika Febuluwale, kuseri kwa kalasi kunatsala timitengo tisanu ndi tinayi ta Nadia, tofika m’mawondo. Apa ndi pomwe panabwera kalata. Bungwe lina loona zachilengedwe linati lifika Loweruka kudzaona minda ya nsatsimanga m’masukulu, ndipo kalabu ya munda wooneka bwino idzatumiza tcheyamani wake ku msonkhano wa achinyamata ku Lilongwe.

“Tidzawaonetsa zimene tili nazo, basi,” anatero a Simioni. “Ine Lachisanu ndikupita kuboma kukabwereka makina ofinyira mafuta. Ndidzabwera limodzi ndi alendowo.”

Uladi anayang’ana timitengo ta Nadia n’kukwinya mphuno. “Alendo ochokera ku Lilongwe adzaone tizitsamba iti? Siyirani ine, sala.”

2. Dzina la munthu

M’mudzi mwa Uladi munalibe nsatsimanga m’minda. Zaka zapitazo kampani ina inauza anthu kuti abzale, n’kulonjeza kuti izidzagula njere. Chipitireni sinabwerenso, ndipo anthu anazula mitengoyo mokwiya n’kubzalapo chimanga. Malo amodzi okha ndi omwe nsatsimanga zinatsala: kumanda.

Anthu a m’mudzimo, monga Asilamu, sankamanga ziliza kapena kulemba mayina pamanda. Akaika maliro ankazika nthambi ziwiri za nsatsimanga, ina kumutu, ina kumiyendo. Mtumbira umaphwa pakapita zaka, koma mitengoyo imakhalapobe. Chaka chilichonse, Ramazani isanayambe, amuna ankapita kukalambula ndi kudulira mitengoyo kuti ilekeze pachifuwa.

Bambo ake a Uladi anagona kumeneko. Anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chiikireni maliro mnyamatayu anali asanapondeko. Tsiku lolambula likafika ankati ali ndi mayeso. Mayeso a chaka ndi chaka, ngakhale pa holide! Zoona zake n’zakuti Uladi sankadziwa pamene bambo ake anagona, ndipo sizinkamuchititsa manyazi.

Mayi ake, a Safia, ndiwo ankavutika mumtima. Akazi salowa kumanda, choncho iwo ankangomvera kwa mchimwene wawo, a Nasir. “Mtengo wa bambo ake Uladi uli bwanji chaka chino?” Ankafunsa choncho chaka chilichonse, ndipo akamva kuti waphuka bwino ankagona tulo.

A Nasir anali telala, ndipo manda onse a m’mudzimo anali m’mutu mwawo. Lachinayi madzulo Uladi anawapeza pakhonde akupalasa makina osokera.

“Amjomba, ndikufuna mitengo khumi ndi iwiri ya kumanda kuja. Yaikuluikulu, yobereka. Ndikaibzale kusukulu.”

A Nasir anasiya kupalasa. Anamuyang’ana m’mwamba mwa magalasi awo nthawi yaitali.

“Khala pansi, mphwanga. Zimene mukuphunzira kusukuluzo ine sindikutsutsana nazo. Mvula yasintha, ndikuona ndi maso angawa. Ngati njere zija zingayendetse chigayo, ndi chinthu chabwino, ndipo ndidzakhala woyamba kukagayitsa. Koma mitengo ukunenayo si mitengo wamba. Ife sitilemba dzina pamanda. Dzina la munthu ndi mtengo umenewo. Ine ndikalowa kumanda ndimayambira pa chulu, n’kumawerenga mitengo: uwu ndi wa uje, uwu ndi wa uje. Sindiwerenga mapazi, chifukwa manda sanayalane pamzere ngati madesiki a kusukulu kwanu. Ukazula mtengo umodzi, wandichotsera munthu m’mutu. Wamuchotseranso mwana wake malo oimapo pomuchitira duwa, pemphero lomupemphera chikhululuko.”

“Koma amjomba, akufa sathandizika ndi mtengo. Dziko ndi limene likutentha.”

“Sindinamalize. Tsiku lolambula lili pafupi. Ubwere ndi chikwanje, ugwire ntchito limodzi ndi amuna anzako. Nthambi zonse zimene tidulire utenge, ngakhale mazana awiri. Ukazizike kusukulu, uzithirire. Zaka ziwiri zisanathe zidzabereka, ndipo munda umenewo udzakhala wako weniweni. Ndidzakuonetsanso pamene anagona bambo ako, chifukwa ine sindikhala mpaka kalekale. Koma muzu usaukhudze. Wandimva?”

“Ndamva,” anatero Uladi.

Ali panjira anaseka yekha. Zaka ziwiri, alendo akubwera mkuja? Anthu osapita kusukulu amavuta, anatero mumtima. Dziko lonse likukamba za mpweya, iwo akuwerenga zitsa.

3. Lachisanu masana

Mnyamatayu anasankha nthawi yake mochenjera, ngati kuba tingakutchule kuchenjera. Lachisanu masana amuna onse anali kumzikiti, akazi ali m’makomo. Iye anauza mayi ake kuti mutu ukumupweteka. Atamva kuti swala, mapemphero a kumzikiti, yayamba, anatenga khasu ndi wilibala n’kudzera njira ya kudimba.

Kumanda kunali zii. Mitengo inali yobiriwira, zipatso zili lendelende, zina zachikasu kale. Uladi anaima pang’ono. Ankakumbukira, kapena tinene kuti ankaganiza kuti akukumbukira, kuti pa tsiku la maliro a bambo ake anaima pansi pa mtengo wa mango. Ndiye anasiya mbali ya ku mango n’kupita mbali ya ku chulu, kumene nthaka inali itasalala.

“Awa ndi manda akalekale,” anadziuza. “Eni ake anaiwalika.”

Mtengo wobzalidwa ndi nthambi sukhala ndi muzu wozama, choncho ntchito sinavute. Anakumba, n’kugwedeza, n’kuzula. Utomoni unamudontha m’manja n’kudetsa malaya. Munthu amene ndowa imodzi ya madzi inkamulemera, tsiku limenelo anakankha wilibala maulendo anayi osapuma.

Atazula wa khumi ndi chiwiri anayang’ana maenje aja n’kuona kuti amuulula. Apa ndi pomwe anachita chinthu chopusa kuposa zonse. Anakwirira maenje onse, n’kupondaponda, n’kusalaza ndi nthambi, n’kuwazapo masamba ouma. Anabwerera m’mbuyo kuti aone ntchito yake, ndipo anakhutira nayo. Pamalopo panaoneka ngati sipanagonepo munthu.

Kusukulu kunalibe anthu, popeza Lachisanu amaweruka msanga. Anabzala mitengoyo mizere itatu kutsogolo kwa timitengo ta Nadia, kuti titchingike. Dzuwa lisanalowe kunagwa mvula yamphamvu, yomwe inafafaniza mapazi ake ndi mkukuluzi wa wilibala. Uladi anati mwayi ndi umenewu.

4. Alendo

Loweruka Nadia anafika woyamba, ndowa ili m’manja. Ataona mitengoyo anaika ndowa pansi. Anaizungulira pang’onopang’ono. Yonse inali yodulidwa msinkhu umodzi, polekeza pachifuwa. Mtsikanayu anali asanalowepo kumanda, koma podutsa pa njira ya kudimba maso amaona.

“Uladi, mitengo iyi waitenga kuti?”

“Nditchule bwino. Ndipo za mitengo si za mlembi. Iwe lemba mayina a alendo.”

“Ndikufunsa kuti waitenga kuti.”

“Kumene kunali kopanda ntchito.”

Nadia anapukuta manja pa siketi ngati wagwira chonyansa. “Abale a anthu, Uladi. Ine sindiima nawo pa chithunzi chimenechi.”

“Nsanje basi,” anatero a Tcheya, akukonza kolala.

Galimoto inafika cha m’ma teni, itanyamula mayi wina wa bungwe lija, mnyamata wojambula ndi a Simioni. Mphunzitsiyo atatsika n’kuona munda umene anausiya kulibe, anatsegula pakamwa. Uladi anawanong’oneza msanga kuti amjomba ake ndiwo apereka. A Simioni, posadziwa mwambo wa m’mudzimo, anangovomera, ngakhale nkhope yawo sinasangalale.

Ndiye a Tcheya anayamba kulankhula. Pakamwa pokha mnyamatayu analibe mnzake. Anafotokoza za dizilo wochokera pansi pa nthaka, za mtengo womeza mpweya, za chigayo choyendera njere. Anathyola zipatso zouma, n’kuzisenda, n’kuthira njere m’makina. Mafuta atadontha n’kuyatsa nyale, ana onse anaomba m’manja.

Mayi wa bungwe uja sanafunse kuti mbande za mu Okutobala zabereka bwanji mu Febuluwale. Sanawerame n’komwe kuti aone dothi lofukulidwa dzulo. Nsapato zake zinali zoyera ndipo ankaopa matope. Anangoti, “Jambulani apa, pakuoneka bwino.” Galimoto yawo nayo inangokhala ikulira pamthunzi nthawi yonseyo, ikufuka utsi wa dizilo, kuti mkati musatenthe.

Pochoka anamuveka Uladi tisheti yobiriwira yolembedwa kuti “Tisamale Dziko Lathu”, n’kumuuza kuti akonzekere ulendo wa ku Lilongwe. Nadia anali kuseri, akupalira timitengo take tisanu ndi tinayi. Palibe mlendo amene anafikako.

5. Khasu

Lamulungu m’mamawa kunamveka kulira. Gogo wina wa m’mudzimo, abiti Shafi, anali atatisiya. Maliro a Chisilamu sagonera, choncho a Nasir anakwera njinga kupita ku Katuli kukagula sanda, nsalu yokulungira mtembo, ndipo anyamata anauzidwa kuti atsogole kukakumba manda.

Uladi anafuna kuzemba monga mwa masiku onse, koma mayi ake anamuimira pakhomo.

“Lero kulibe mayeso. Gogo ameneyu ndi amene anandichiritsa pobadwa iwe. Tenga khasu.” Kenako anatsitsa mawu. “Ukafika, ukawapemphe amjomba ako akuonetse pa bambo ako. Ukandionereko mtengo wawo.”

Anapita mochedwa, atavala tisheti yake yatsopano kuti anthu aione. Atangolowa kumanda anaona pamene anzake ankakumba. Anyamata aja anali atayang’anayang’ana malo opanda mitengo, ndipo anawapeza pafupi ndi chulu. Dzenje linali litafika kale m’chiuno.

“Lero ndiye tapeza pofewa,” anatero mmodzi. “Khasu likungolowa lokha.”

Pamenepa Uladi akanatha kulankhula. Mawu anayi okha akanakwana: lekani, apa pali anthu. Koma pakamwa paja, pamene dzulo panatuluka mawu osatha pamaso pa alendo, lero panauma gwa. Anaopa kufunsidwa kuti wadziwa bwanji. Anangoima, akuyembekeza kuti mwina dzenjelo ladutsa pakati.

“A Tcheya, tsikani nanunso. Kapena tishetiyo sikulola?” anatero mnyamata wina.

Anzake anaseka chapansipansi. Uladi anatsikira m’dzenjemo. Anakumba kamodzi, kawiri, kachitatu. Kachinayi khasu linagunda chinthu n’kumveka mosiyana. Atalikoka linatukula chidutswa cha mtengo wowola, ndipo pambali pake panaoneka ina, yoyalidwa mopingasa. Mnyamata aliyense pamenepo anaidziwa: inali mitengo imene amayala pamwamba pa mtembo kuti dothi lisaugwere.

Kuseka kunatha. Wina anayamba kunong’ona duwa. Uladi anaika khasu pansi.

Nthawi yomweyo a Nasir anafika ndi akuluakulu awiri kudzaona ngati manda atha. Sanayang’ane m’dzenje poyamba. Anayang’ana chulu, n’kutambasula chala kuti ayambe kuwerenga monga ankachitira. Chalacho chinangoima m’malere. Kenako maso awo anatsikira kwa mphwawo, pa zikhatho zake zomwe zinali zikadali zakuda ndi utomoni.

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

“Unazula ingati?”

“Khumi ndi iwiri, amjomba.”

“Anthu asanu ndi mmodzi,” anatero a Nasir. “Maenje ake ali kuti?”

“Ndinakwirira.”

“Unakwirira.” Anagwedeza mutu pang’onopang’ono. “Ukanangoba n’kuthawa ngati mbala ina iliyonse, bwenzi lero tikuzika nthambi m’maenjemo, nkhani n’kutha. Koma iwe ndiwe wophunzira, unafuna ntchito yaukhondo.”

“Ndimayesa ndi manda akale. Abambo ali uko, ku mango.”

“Ku mango ndi kumene anakuimika tsiku lija chifukwa unali mwana, kuti usaone pomwe akutsitsa mtembo. Bambo ako anali wachinayi kuchokera pa chulu ichi. Kumanja kwawo kunali agogo ako aamuna, kumanzere mwana wa a Jailosi amene anamira pamtsinje. Ndinakuuza kuti ndimawerenga mitengo, osati mapazi. Tsopano ndiuze iwe wa sayansi: amene wamuponda pamenepoyo ndi ndani?”

Uladi anayang’ana pansi pa mapazi ake. Anadumpha n’kukwera m’mphepete mwa dzenjelo chokwawa, tisheti yonse ili matope.

“Kodi ndi abambo?”

“Sindikudziwa,” anatero a Nasir. “Mwina ndi iwo, mwina ayi. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudziwa. Lero sindikudziwa.”

6. Funso

Akuluakulu analamula kuti dzenjelo likwiriridwe mwaulemu, ndipo manda a abiti Shafi anakakumbidwa mbali ya ku mango. Palibe amene anamupatsanso Uladi khasu. Palibe amene anamulankhula. Jeneza yonyamula mtembo itafika anaima kumbuyo kwa onse, yekhayekha, ndipo misozi imene inkatsika sinali ya gogo uja.

Anthu atayamba kubalalika, a Nasir anamuitana.

“Za mabanja enawo tikamba mawa pamaso pa ashehe. Mitengo ija ukaizule kusukulu dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona, ngakhale sitidziwa poibwezera. Koma mlongo wanga sindimuuza ine. Chaka chilichonse ndimamutengera uthenga wabwino wochokera kuno. Wa lero ukapereka wekha.”

Njira ya kudimba ndi yaifupi, koma Uladi anaiyenda ngati wasenza thumba la chimanga. Anavula tisheti ija n’kuipinda kukhwapa. Pafupi ndi mjigo anakumana ndi Nadia akuchokera kusiwa. Mtsikanayo anamuyang’ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Mitengo yako ija yafota yonse,” anatero. “Ndinapita kukathirira yanga m’mawa. Masamba ali pansi.” Anadutsa osadikira yankho.

Atafika pakhomo anapeza mayi ake atabwerako kale, atakhala pamkeka akusankha nyemba. Atamuona ali matope thupi lonse, nkhope yawo inawala. Kwa iwo matopewo ankatanthauza kuti mwana wawo wakula, wagwira ntchito limodzi ndi amuna anzake. Anasuntha lichero kuti akhale pambali pawo.

Kumbuyo, pa njira, kunkamveka kulira kwa tcheni cha njinga ya a Nasir, ikubwera pang’onopang’ono.

“Khala apa, bambo,” anatero a Safia, akumusansa dothi paphewa. “Amjomba ako akuonetsa? Tandiuza, mtengo wa bambo ako wabereka chaka chino?”